Mafunde Osaoneka a M'galimoto: Ayese Ndi Boma Kapena Tikhulupirire Wopanga?

Mutu wa mtsutso: Galimoto yatsopano iliyonse, pamodzi ndi chipangizo chilichonse chamagetsi choti chiikidwe m'galimoto, zisaloledwe pamsika mpaka zitayesedwa ndi kulandira chilolezo cha boma chotsimikiza kuti mafunde ake sasokoneza zipangizo zina, ndiponso kuti nazo sizisokonezedwa ndi mafunde ochokera kwina.

Waya aliyense amene mukudutsa magetsi amatulutsa mafunde a magetsi ndi maginito, ndipo waya yemweyo amatolanso mafunde ochokera kunja. Amene anamverapo wailesi njinga yamoto ikudutsa pafupi amakudziwa kuthetheka kumene kumamveka m'sipika. Amenewo ndi mapulagi a injini akulavula moto kambirimbiri pa sekondi imodzi. Malamulo a nkhaniyi anayambira pomwepo. Mu 1972 maiko a ku Ulaya a m'bungwe la EEC anakhazikitsa lamulo la 72/245/EEC lokakamiza opanga magalimoto a petulo kuchepetsa phokosolo, kuti anthu azimvera wailesi ndi kuonera kanema m'nyumba zawo mosavutika. Masiku amenewo galimoto inali yolakwira ena basi. Lero nayo imalakwiridwa, pakuti mabuleki a ABS, mafuta olowa mu injini, chiwongolero chamagetsi ndi mabaluni oteteza anthu pangozi zonse zikuyendetsedwa ndi timakompyuta tolankhulana kudzera pa mawaya a CAN, njira imene kampani ya Bosch inaionetsa poyera mu 1986. Uthenga wa pa mawayawo ukaipitsidwa, chimene chasokonezeka si nyimbo ya pa wailesi ayi, ndi kayendedwe ka galimoto.

Pothana ndi vutoli, maiko anatenga njira ziwiri. Yoyamba ndi ya pangano la mu 1958 la ku Geneva, loyang'aniridwa ndi nthambi ya United Nations yotchedwa WP.29. Pansi pa panganoli pali Lamulo Nambala 10, limene ambiri amangoliti R10: wopanga amapereka galimoto kapena chipangizo kwa oyesa ovomerezeka ndi boma, ndipo chikakhoza chimadindidwa chilembo cha E chokhala m'kabwalo, pamodzi ndi nambala ya dziko lopereka chilolezo. E1 ndi Germany, E11 ndi United Kingdom, E43 ndi Japan, E47 ndi South Africa. Njira yachiwiri ndi ya ku United States, kumene boma silipereka chilolezo cha chitetezo galimoto isanagulitsidwe. Wopanga amadzichitira yekha umboni kuti watsata malamulo, ndipo boma limamugwira pambuyo ngati wanama.

MBALI YOVOMEREZA

1. Vutoli silisiya chizindikiro. Tayala lotha limaoneka ndi maso, buleki yotayira mafuta imasiya dontho pansi. Koma galimoto imene yasintha liwiro kwa kanthawi chifukwa yadutsa pansi pa mlongoti wamphamvu wa wailesi imafika kugalaja ili bwinobwino. Makaniko adzaizungulira osapeza kanthu, ndipo mlandu udzagwera dalaivala. N'chifukwa chake ovomereza amati malo okha ogwirira vutoli ndi m'chipinda choyesera, ngozi isanachitike.

Ndi bwino kudziwa zimene zimachitika m'chipindamo, chifukwa ambiri amaganiza kuti chilolezo ndi pepala chabe. Chipindacho chimakhala chachitsulo mbali zonse, ndipo makoma ake amamatidwa zinthu zosongoka zomeza mafunde kuti asabwerere. Galimoto imakwezedwa pa zitsulo zozungulira n'kumathamanga pamalo amodzi pa liwiro la makilomita 50 pa ola, nyali zili zoyaka, mawaipa akupukuta galasi, indiketa ikuphethira. Kenaka eriyo yaikulu imaiwomba ndi mafunde, amene mu R10 ya 2019 ankayambira pa 20 MHz kukwera mpaka pa 2000 MHz, pa mphamvu ya mavoti 30 pa mita. Liwiro likasintha kupitirira magawo 10 pa 100 alionse, kapena nyali ikazima, kapena hutala ikalira yokha, galimotoyo yalephera. Kuyesa kwina n'kwa mabuleki: nyali zofiira zakumbuyo zisazime dalaivala ataponda, ndipo mabuleki asagwire okha. Akamaliza, oyesa amatembenuza ntchito, eriyo n'kukhala yomvetsera, itaima mamita 10 kapena 3 kuchokera pagalimoto, kuyeza phokoso limene galimotoyo ikutulutsa pakati pa 30 MHz ndi 1000 MHz. Palibe wogula amene angachite zimenezi payekha, ngakhale kampani yogula mabasi makumi asanu nthawi imodzi.

2. Wovutika ndi munthu amene sanagule nawo. Galimoto yaphokoso imasokoneza wailesi ya ambulansi yoima pambali pake, ya apolisi, ndi ya banja lokhala m'mbali mwa msewu. Anthu amenewa sadziwa gwero la vuto lawo ndipo alibe pokadandaula. Wopanga amasamala kwambiri za wailesi ya m'galimoto yake chifukwa kasitomala wake angabweze katundu, koma za wailesi ya mnansi palibe chomukakamiza kupatula lamulo. Mlengalenga modutsa mafunde ndi mwa anthu onse, ndipo chinthu cha onse chikasowa mlonda aliyense amatayiramo zake.

3. Kuyesa kamodzi, kugulitsa m'maiko ambiri. Mtima wa pangano la 1958 ndi wakuti chilolezo choperekedwa ndi dziko limodzi chilandiridwe ndi maiko onse amene akutsata lamulo lomwelo. Kampani ya ku Korea yopanga mawotchi a pa dashibodi ikayesetsa katundu wake kamodzi n'kulandira E4 ya ku Netherlands, siyesetsanso ku France kapena ku Italy. Japan inalowa m'panganoli mu 1998, South Africa mu 2001. Ovomereza amati chilolezo chotere chimachepetsa ndalama zoyesera m'malo mozichulukitsa. Amawonjezera kuti maiko opanda zipinda zoyesera, monga Malawi ndi Zambia, amapindula osalipira kanthu. Nambala yolembedwa pambali pa chilembo cha E imaloza ku chikalata chenicheni chosungidwa ndi boma linalake, ndipo chikalatacho munthu angathe kuchiitanitsa.

4. Magalimoto oyendera magetsi akweza chiopsezo. Batire la galimoto yotere limakhala la mavoti pafupifupi 400, ena 800, ndipo chipangizo chotumiza mphamvu ku mota chimayatsa ndi kuzimitsa magetsi amphamvuwo kokwana zikwi zingapo pa sekondi. Kuyatsa ndi kuzimitsa mwaliwiro chotere ndiko kumabala phokoso la mafunde. Komanso galimotoyo ikalumikizidwa ku soketi imasanduka gawo la magetsi a nyumba ndi a mudzi wonse, moti zoipa zake zingathe kuyenda pa mawaya kukafika kwa ena. R10 inakonzedwanso mu 2011 kuti iyambe kuyesa galimoto ili pa tchaji, n'kukonzedwanso mu 2014 ndi mu 2019. Makampani atsopano opanga magalimoto amagetsi achuluka, ena alibe mbiri yoti aiteteze, ndipo ovomereza safuna kuti chitetezo cha anthu chidalire ulemu wa kampani imene yabadwa dzulo.

MBALI YOTSUTSA

1. Ku United States zikuyenda popanda chilolezo. Iyi ndiyo mfundo yolemera kwambiri ya otsutsa. M'malamulo a chitetezo cha magalimoto a dzikolo mulibe lamulo lapadera lofanana ndi R10, ndipo bungwe loona za mafunde la FCC linachotsa zipangizo zamakompyuta zogwira ntchito m'magalimoto mokha pa miyezo yake ya phokoso. Ngakhale zili choncho, magalimoto a kumeneko sakupenga m'misewu. Chifukwa chake n'chakuti makampani ali ndi miyezo yawoyawo yokhwima kuposa ya boma. General Motors ili ndi GMW3097, Ford ili ndi FMC1278, ndipo wogulitsa zipangizo kwa iwo amayesedwa pa mphamvu zoposa mavoti 30 pa mita kutalitali, mpaka mavoti mazana angapo pa mafunde ofanana ndi a radar ya pabwalo la ndege. Wakhoza mayeso amenewa, a R10 sangamuvute.

Otsutsa amakumbutsanso nkhani ya Toyota ya mu 2009 ndi 2010, pamene anthu anadandaula kuti magalimoto akuthamanga okha. Ambiri anaganizira mafunde. Boma linaitana akatswiri a NASA, ndipo lipoti la mu February 2011 silinapeze vuto la zamagetsi loyambitsa kuthamangako. Zimene zinatsimikizika ndi makapeti a pansi okola chopondera mafuta, ndi zopondera zina zochedwa kubwerera. Mu 2014 Toyota inavomera kulipira madola 1.2 biliyoni chifukwa chobisira anthu ndi boma zimene inkadziwa. Otsutsa amati chilango chotere chimaopsa kampani kuposa chidindo chilichonse. Ovomereza nawo amaitenga nkhani yomweyi n'kunena kuti ngati panafunika NASA ndi miyezi yambiri kuti mafunde achotsedwe pa mlandu, ndiye kuti kufufuza ngozi itachitika kale n'kovuta zedi. Onse awiri akunena zoona.

2. Mtengo umagwera wamng'ono. Ndalama yoyesetsa chipangizo ndi imodzimodzi kwa wopanga zinthu 200 ndi wopanga 200,000. Wamkulu saimva. Wamng'ono, monga kampani yomanga matupi a mabasi, yosandutsa vani kukhala ambulansi, kapena yopanga nyali za mathirakitala, amayenera kudikira pamzere wa chipinda choyesera, kulipira, ndipo akasintha kachipangizo kamodzi m'kati amafunsanso ngati chilolezo chake chidakali ndi mphamvu. Ena amangosiya, msika n'kutsalira akuluakulu.

3. Choyesedwa ndi chimodzi, chosankhidwa ndi mwiniwake. Chilolezo chimaperekedwa poyang'ana chitsanzo chimene wopanga wabweretsa, ndipo oyesawo amalipidwa ndi wopanga yemweyo, amene ali ndi ufulu wosankha dziko ndi oyesa amene akuwafuna. Malamulo amafunadi kuti fakitale izionetsa kuti katundu wotsatira akufanana ndi chitsanzocho, koma nkhani ya Volkswagen ya mu September 2015 inaonetsa malire a dongosololi. Inali nkhani ya utsi, osati mafunde, komabe magalimotowo anali ndi zilolezo zonse za ku Ulaya, ndipo chinyengocho chinaululikira ku United States. European Union inachita kukhazikitsa lamulo latsopano la 2018/858, loyamba kugwira ntchito pa 1 September 2020, lokakamiza dziko lililonse kuyesa galimoto imodzi mwa 40,000 zilizonse zolembetsedwa kumene, ndi kulola chindapusa chofika mayuro 30,000 pa galimoto imodzi. Kwa otsutsa uku kunali kuvomereza kuti chidindo pachokha sichiteteza munthu.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine. Chilembo cha E n'chosavuta kudinda. Zipangizo zotchipa zogulitsidwa pa intaneti ndi m'misika zimabwera nacho, china chili ndi nambala yopanda chikalata kumbuyo kwake, china chili ndi nambala ya chinthu chosiyana. Wogula wosamala, amene waphunzira kufunafuna chilembocho, ndiye amanamizidwa bwino kuposa wosadziwa.

4. Lamulo limatsalira m'mbuyo. Mu R10 ya 2019 kuwomba galimoto ndi mafunde kunkathera pa 2000 MHz, pamene Wi-Fi ndi Bluetooth za m'foni ya aliyense wokwera zimagwira ntchito pa 2400 MHz, ndipo mafoni a 5G ambiri ali pamwamba pa pamenepo. Malirewo anadzakwezedwa, koma mafoniwo anali atakwera kale m'magalimoto kwa zaka. Pansi napo pali mpata. Kuyeza phokoso louluka kumayambira pa 30 MHz, pamene wailesi ya AM ili pansi pa 2 MHz, ndipo ndi kumeneko kumene mota zamagetsi zimasokosera kwambiri. BMW inatulutsa i3 yopanda AM, Tesla inaichotsanso, ndipo Ford inalengeza zochotsa mu 2023 kenaka n'kusintha maganizo aphungu a ku Washington atadandaula kuti machenjezo a ngozi zadzidzidzi amadutsa pa AM. Galimoto ingathe kukhoza R10 koma wailesi yake yomwe osamveka.

5. Galimoto siikhala momwe inatulukira kufakitale. Chipangizo chimayesedwa chili patebulo lokutidwa ndi chitsulo, mawaya ake atayalidwa mowongoka malinga ndi malangizo. Kumsewu zinthu n'zina. Galimoto yogwiritsidwa kale ntchito ikafika ku Lilongwe kapena ku Lusaka kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, mwiniwake amaika alamu, tracker, mababu a LED, ampulifaya ndi tchaja ya foni, ndipo wolumikiza amatenga moto pa waya aliyense amene wamuyandikira. Pulagi yokhala ndi resistor ikatha amaikapo yopanda, waya wa nthaka wolumikiza injini ndi thupi la galimoto amachita dzimbiri. Ambiri amadziwa wailesi ya FM imene imayamba kusokosera mababu atsopano akangoyatsidwa. Kuyesa kwa COF, kotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kumaona mabuleki, nyali ndi matayala, sikuyeza mafunde. Otsutsa amafunsa kuti chilolezo cha tsiku limodzi chimapindula chiyani pa galimoto yodzakhala pamsewu zaka makumi awiri.

CHIGAMULO

Mutu wa mtsutsowu wamanga zinthu ziwiri m'mtolo umodzi, ndipo ziyenera kumasulidwa.

Pa galimoto yathunthu, ndi pa zipangizo zokhudza moyo wa munthu, ndikuima ndi ovomereza. Mfundo ya United States ndi yoona, koma yatsamira pa mizati imene maiko ambiri alibe: makhoti otha kulipitsa kampani mabiliyoni, bungwe la NHTSA lokhala ndi mphamvu yoitanitsa magalimoto mamiliyoni kuti akakonzedwe, ndi makampani akuluakulu oopa kuipitsa dzina. Komanso makampani omwewo amagulitsa ku Ulaya ndi ku Japan, moti zipangizo zawo zambiri zimapangidwa kale zoti zikhoze R10. Dziko limene wogula sangazenge mlandu kampani ya kutsidya kwa nyanja silingabwereke njira ya ku America n'kuyembekezera zipatso zomwezo. Miyezo ya GM ndi Ford imateteza wogula GM ndi Ford. Muyezo wa boma, ngakhale uli wotsika, umagwira ndi amene alibe muyezo wakewake.

Mfundo yachitatu ndi yachinayi ya otsutsa ndi zodandaulitsa, koma zikutsutsa kayendetsedwe ka chilolezo, osati kukhalapo kwake. Yankho la Ulaya pa Volkswagen silinali kuthetsa zilolezo. Linali kuwonjezera kuyesa magalimoto amene ali kale pamsika. Mfundo yachisanu ndiyo ilibe yankho lokwanira, ndipo sindikuona kuti chilolezo cha mtundu uliwonse chingaiyankhe. Zimene wolumikiza mawaya amachita pansi pa dashibodi zidzakonzedwa ndi maphunziro ake, osati ndi chidindo cha ku Geneva.

Pa mawu akuti "chipangizo chilichonse" ndikuima ndi otsutsa, ndipo R10 yeniyeniyo ili mbali yomweyo. Lamuloli limasiyanitsa. Zipangizo zokhudza injini, magiya, mabuleki, chiwongolero, nyali, mawaipa, mabaluni oteteza, hutala, alamu ya akuba, mawaya a CAN ndi wotchi yowerenga makilomita zimayenera chilolezo chathunthu. Zina zogulitsidwa padera zimene sizikhudza ntchito zimenezi zimangofuna chikalata cha wopanga chonena kuti zatsata miyezo ya phokoso. Sipeya yofanana ndendende ndi yoyambirira, yochokera kwa wopanga yemweyo, siyesedwanso. Kusiyanitsa kumeneku n'kwanzeru. Tchaja yaphokoso imawononga nyimbo, ndipo kukakamiza tchaja iliyonse kulowa m'chipinda choyesera kungangokweza mitengo ndi kuchulukitsa zidindo zabodza. Chofunika pa zinthu zotere ndi boma kutola zitsanzo pamsika nthawi ndi nthawi, n'kuchotsa zolephera.

Kwa maiko ogula ngati Malawi, chigamulochi sichikutanthauza kumanga chipinda choyesera magalimoto. Ndalama zake n'zochuluka ndipo ntchito yake ingakhale kubwereza zimene ena anachita kale. Malawi Bureau of Standards imayang'anira kale katundu wolowa m'dziko, ndipo MACRA imavomereza kale zipangizo zotumiza mauthenga pa mafunde. Chotheka ndi kusankha zipangizo zochepa zoopsa kwambiri n'kufuna kuti woitanitsa aonetse chikalata chenicheni cha chilolezo, chokhala ndi nambala yotheka kuitsimikiza kwa boma lopereka, osangoloza chilembo cha pa bokosi. Pamndandanda umenewo ndingayambe ndi tracker yokhala ndi mphamvu yozimitsa injini patali. Eni magalimoto, makampani ndi obwereketsa ndalama akuiika kwambiri poopa akuba. Imalumikizidwa pa waya wa pampu ya mafuta kapena wa switchi ya kiyi, imatumiza yokha mafunde a foni ili pakati pa mawaya a galimoto, ndipo ikasokonezeka ingathe kudula injini ya minibasi yodzaza anthu imene ikupitirira lole pamsewu wa M1.